ENOCK MWEPU: MMENE MTIMA UNAIMITSIRA MPIRA WA "KOMPYUTA" PA ZAKA 24

Pa 10 Okutobala 2022, timu ya Brighton ya ku England inalengeza kuti Enock Mwepu, kaputeni wa Chipolopolo, waleka kusewera mpira. Mnyamatayo anali ndi zaka 24 cabe, ndipo panali patangopita caka cimodzi ndi miyezi itatu kucokera pamene anasaina pangano la zaka zinai ndi timuyo. Sanathyoke mwendo, ndiponso bondo lake linali labwino. Madotolo anapeza kuti ali ndi matenda a mtima a kumtundu, ndipo anamucenjeza kuti akapitiriza kusewera mpira wa mpikisano angathe kugwa ndi kufera m'bwalo.

Nkhaniyi inazunguza anthu ambiri m'makomboni. M'misika ndi m'mabasi funso linali limodzi: kodi munthu wothamanga mphindi 90 osatopa angadwale bwanji mtima? Ambiri amaganiza kuti matenda a mtima ndi a anthu acikulire, onenepa, kapena odwala BP. Mbiri ya Mwepu ionetsa kuti mnyamata wamphamvu, wodya bwino ndi wosamalidwa ndi madotolo a pamwamba angathe kukhala ndi vuto lobisika mu mtima. Banja lililonse limene lili ndi mwana wokonda bola liyenera kuidziwa mbiriyi.

Kucokera ku Chambishi

Enock Mwepu anabadwa pa 1 Januwale 1998 ndipo anakulira ku Chambishi, tauni yaing'ono ya ku Migodi. Luso lake linaonekera mu 2013 pa mpikisano wa acinyamata wa Airtel Rising Stars. Timu imene inamulera ndi Kafue Celtic, kumenenso kunali Patson Daka, mnzake amene anadzayenda naye ulendo wautali wa mpira. Mu 2015 Mwepu anali m'gulu la anyamata a zaka zosapitirira 17 amene anaimirira Zambia pa mpikisano wa mu Africa ku Niger.

Zinthu sizinayende mosavuta poyamba. Ku Power Dynamos ya ku Kitwe sanapatsidwe mpata wokwanira wosewera, motero anasamukira ku NAPSA Stars ya ku Lusaka. Malo ake anali pakati pa bwalo. Anali wamtali, wodekha, ndipo mpira usanafike pa phazi lake anali atadziwa kale kumene adzaupereka. Ici ndico cifukwa cake okonda mpira anamupatsa dzina lakuti Kompyuta.

Caka ca 2017

Caka cimene cinasintha moyo wake ndi 2017. Zambia ndiyo inalandira mpikisano wa mu Africa wa anyamata a zaka zosapitirira 20, ndipo masewera anacitikira ku Lusaka ndi ku Ndola. Timu ya mphunzitsi Beston Chambeshi inapambana masewera onse asanu. Pa 12 Malici, m'bwalo la National Heroes ku Lusaka, anyamatawo anagonjetsa Senegal ndi zigoli 2 kwa 0 natenga cikho. Zigolizo anamwetsa ndi Patson Daka ndi Edward Chilufya, koma oonerera anaona kuti mipira yambiri inali kuyambira pa mapazi a Mwepu.

Mu Mei caka comweco timuyo inapita ku South Korea ku mpikisano wa dziko lonse wa msinkhu umenewo. Inagonjetsa Portugal 2 kwa 1. Posewera ndi Iran inali kumbuyo ndi zigoli ziwiri, koma inabweza moto ndi kupambana 4 kwa 2, Mwepu atamwetsako cimodzi. Anamwetsanso pamene Zambia inacotsa Germany 4 kwa 3 m'nthawi yoonjezera. Ulendowo unathera pa Italy, imene inapambana 3 kwa 2 mu kota fainolo.

Pa 2 Seputembala 2017 Mwepu anabvala malaya a Chipolopolo pamene Zambia inakumana ndi Algeria ku Lusaka polimbirana malo a ku World Cup. Zambia inapambana 3 kwa 1, ndipo cigoli cacitatu cinali ca mnyamata wa zaka 19 wa ku Chambishi.

Ku Austria ndi ku England

Pofika nthawi imeneyo anali atasaina kale ndi Red Bull Salzburg ya ku Austria. Monga mwa cizolowezi ca timuyo, anayamba wasewera ku Liefering, timu ya mu ligi yaciwiri kumene amakhwimitsira acinyamata, kenaka anakwera ku timu yaikulu. Pa zaka zinai zimene anakhala kumeneko, Salzburg inatenga ligi ya ku Austria caka ciliconse, ndiponso cikho ca dzikolo katatu. Anasewera limodzi ndi Daka, ndipo mu 2019 analinso ndi Erling Haaland wa ku Norway. Mu Okutobala caka cimeneco anasewera m'bwalo la Anfield mu Champions League, pamene Liverpool inapambana mobvutikira 4 kwa 3.

Mu Julai 2021 Brighton inamugula. Manyuzipepala a ku England analemba kuti mtengo wake unali pafupi-fupi mapaundi 18 miliyoni. Nyengo yomweyo Daka anapita ku Leicester City. Asanafike iwo, Collins Mbesuma ndi Emmanuel Mayuka anaseweramo mu Premier League, koma panalibe wa ku Zambia amene anamwetsapo cigoli mu ligiyo. Daka anatsegula khomo pa 16 Okutobala 2021 posewera ndi Manchester United. Patapita masabata awiri, pa 30 Okutobala, Mwepu anabwerera ku Anfield. Liverpool inali patsogolo ndi zigoli ziwiri pamene iye anaponya mpira ali patali, nuuluka pamwamba pa goloboyi Alisson ndi kugwera mu ukonde. Masewerawo anatha 2 kwa 2.

Pa 9 Epulo 2022 Brighton inagonjetsa Arsenal 2 kwa 1 ku London. Mwepu anapatsira Leandro Trossard mpira wa cigoli coyamba, ndipo caciwiri anamwetsa yekha. Ngakhale kuti kubvulala kwa minofu ya mwendo kunamuphonyetsa masewera angapo, Brighton inatsiriza ligi pa nambala 9, malo apamwamba koposa amene inafikapo kufikira nthawi imeneyo. Onse pamodzi, Mwepu anasewerera Brighton masewera 27.

Ulendo wa ku Mali

Kumapeto kwa Seputembala 2022 Chipolopolo inali ndi masewera a ubwenzi ku Mali. Mwepu anadwala ali mu ndeke popita kumeneko, ndipo atafika anagonekedwa m'cipatala ku Bamako. Atabwerera ku England, akatswiri a mtima anamupimanso mozama. Zimene anapeza ndizo zinathetsa nchito yake ya m'bwalo.

Timu ya Brighton inafotokoza mfundo zitatu. Yoyamba, matendawo ndi a kumtundu. Yaciwiri, amaonekera munthu atakula, ndipo sanaoneke pa kupima kwa mtima kumene Mwepu anali kupimidwa nthawi ndi nthawi monga osewera anzake. Yacitatu, mpira wa mpikisano ukanakulitsa matendawo ndi kumuika pa ngozi yaikulu ya imfa ya mwadzidzidzi.

Mu uthenga wake wotsazika, Mwepu anadzichula mnyamata wa ku komboni yaing'ono ya Chambishi amene anakwanitsa loto lake lofika mu Premier League. Ananena kuti akupacika nsapato cifukwa ca uphungu wa madotolo, koma sakucoka ku mpira. Mu Disembala 2022 Brighton inamupatsa nchito yophunzitsa ana a zaka zosapitirira 9. Mu Januwale 2023 anadwalanso ali kuno kumudzi nagonekedwa m'cipatala ku Lusaka, zimene zinakumbutsa anthu kuti matenda otere afuna cisamaliro ca moyo wonse, ngakhale munthu ataleka kusewera.

Nchito ya mtima wa wosewera mpira

Mtima ndi mnofu waukulu ngati nkhonya ya mwini wake. Uli ndi zipinda zinai ndi tizitseko tinai toongolera magazi kuti asabwerere m'mbuyo. Ulinso ndi magetsi ake-ake amene amauuza nthawi yogunda. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi, ndipo umapopa malita asanu a magazi pa mphindi iliyonse. Pa tsiku umagunda pafupi-fupi ka 100,000.

Wosewera pakati pa bwalo mu ligi yaikulu amathamanga makilomita 10 kufika 12 pa masewera amodzi. Pothamanga kwambiri mtima wake ungafike ka 190 pa mphindi, ndipo magazi amene upopa amaculuka kasanu kapena kuposa. Mtima wabwino umaikonda nchito imeneyi ndipo umalimba nayo. Koma mtima umene uli ndi cilema cobisika, nthawi imeneyi ndiyo yoopsa. Magetsi ake amasokonezeka, mtima umayamba kunjenjemera m'malo mopopa, magazi safika ku ubongo, ndipo munthu amagwa m'timphindi tocepa.

Izi zisiyana ndi matenda a mtima a acikulire, amene kawiri-kawiri amabwera cifukwa mitsempha yodyetsa mtima yatsekeka ndi mafuta, fodya, shuga kapena BP. Kwa acinyamata osafika zaka 35, gwero lake nthawi zambiri limakhala m'kapangidwe ka mtima weni-weniwo.

Matenda a kumtundu

Pali mitundu ingapo ya matenda a mtima amene mwana amatengera kwa makolo. Ofala kwambiri ndi amene madotolo amawacha hypertrophic cardiomyopathy, pamene khoma la mtima limakhuthala mopitirira muyeso. Amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu 500 alionse, ndipo ambiri amene ali nawo sadziwa. Pali ena amene mnofu wa mtima umasanduka mafuta ndi zipsera pang'ono-pang'ono. Palinso ena amene mtima umaoneka wabwino-bwino koma magetsi ake ndiwo ali ndi vuto.

Pa mitundu yambiri ya matendawa, ngati bambo kapena mai ali nawo, mwana aliyense ali ndi mpata wa theka wowatengera. M'banja la ana asanu ndi mmodzi angakhale atatu, angakhale mmodzi, mwinanso palibe. Sapatsirana ngati cifuwa cacikulu, ndipo sabwera cifukwa ca zakudya kapena khalidwe la munthu. Sasankha mwamuna kapena mkazi, motero mtsikana wosewera mpira wa miyendo, wa manja, kapena wothamanga pa sukulu ali pa ngozi yofanana ya kutengera.

Cimene cimabvuta ndi cakuti mwana amabadwa ndi mbeu ya matendawo, koma mtima umasintha pambuyo pake, kawiri-kawiri pa nthawi ya kutha msinkhu kapena atapitirira zaka 20. Mnyamata angapimidwe ali ndi zaka 16 napezeka wabwino, koma pofika zaka 24 zinthu zitasintha. Ici ndico cifukwa cake munthu wa m'banja limene muli matendawa amauzidwa kubwerera kukapimitsa pakapita zaka zingapo, osadalira pepala limodzi la kale.

Ena amene anagwa m'bwalo

Mwepu anadziwa za matenda ake asanagwe. Ena sanakhale ndi mwai umenewo. Pa 26 Juni 2003 Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon anagwa pakati pa bwalo ku Lyon, ku France, posewera ndi Colombia, ndipo anamwalira ali ndi zaka 28. Kupima mtembo kunaonetsa kuti khoma la mtima wake linali lokhuthala. Pa 29 Ogasiti 2007 Zambia inataya Chaswe Nsofwa, amene kale anasewerera Zanaco ndi Green Buffaloes. Anagwa pa masewera okonzekera ndi timu yake ya Hapoel Be'er Sheva ku Israel asanakwanitse zaka 30.

Alipo amene anagwa koma anapulumuka cifukwa thandizo linafika msanga. Fabrice Muamba wa timu ya Bolton, wobadwira ku Kinshasa, anagwa pa 17 Malici 2012 ku London. Mtima wake sunagunde paokha kwa mphindi 78, koma madotolo sanaleke kusindikiza pacifuwa, ndipo anakhala ndi moyo ngakhale analeka mpira. Christian Eriksen wa ku Denmark anagwa pa 12 Juni 2021 ku Copenhagen. Anamuyamba thandizo pomwepo m'bwalo, pambuyo pake anamuika kamakina pacifuwa koongolera mtima, ndipo mu Febuluwale 2022 anabwerera m'bwalo ndi timu ya Brentford. Nwankwo Kanu wa ku Nigeria anapezeka ndi vuto la kacitseko ka mtima mu 1996 pamene Inter Milan inamupima. Anacitidwa opaleshoni ku America, nadzasewera zaka zambiri ku Arsenal ndi ku Portsmouth.

Motero si onse opezeka ndi vuto la mtima amene amaleka mpira. Zimadalira mtundu wa matendawo, ndipo woweruza ndi katswiri wa mtima. Phindu la kupima linaoneka bwino ku Italy, kumene kuyambira 1982 lamulo likakamiza osewera a mpikisano kupimitsa mtima. M'cigawo ca Veneto, imfa za mwadzidzidzi pakati pa osewera acinyamata zinatsika ndi pafupi-fupi 90 peresenti m'zaka zotsatira.

Zizindikiro zofunika kuziyang'anira

Akulu amati tsoka silinunkha, koma matenda a mtima nthawi zina amacenjeza. Makolo, aphunzitsi a sukulu ndi oyang'anira matimu a m'makomboni ayenera kuchera khutu mwana akadandaula izi:

Kukomoka kapena kuona cizungulire ali mkati mothamanga. Ici ndi cizindikiro cacikulu koposa. Mwana wokomoka ataimirira nthawi yaitali pa dzuwa pa mzere wa kusukulu nthawi zambiri alibe vuto la mtima, koma wogwa ali pa liwiro asabwerere m'bwalo asanaonedwe kucipatala.

Kuwawa kapena kuthina pacifuwa pothamanga, kumene kumaleka akapuma.

Befu woposa wa anzake a msinkhu wake, kapena kutopa msanga pa mtunda umene kale anali kuutsiriza bwino.

Mtima kugunda mothamanga kwambiri kapena modumpha-dumpha popanda cifukwa, maka-maka ngati acitanso cizungulire.

Kutupa mapazi, kapena kulephera kugona cagada cifukwa ca kubanika.

Kuonjezera pa izi pali mbiri ya banja. Ngati m'banja munafa munthu mwadzidzidzi asanafike zaka 40, kaya anafera ku tulo, m'munda, m'bwalo, kapena anamira m'madzi pamene anali wodziwa kusambira, a cipatala ayenera kuuzidwa. Makolo afunse kwa agogo, amalume ndi atsibweni, ku cimuna ndi ku cikazi komwe. Imfa zotere zikacitika, mabanja ambiri amathamangira kulozana zala, kuti wina wamulodza cifukwa ca nsanje, kapena kuti timu ina inakwirira mankhwala pa goli. Pamene abale ali kukangana, abale ake a malemuyo, amene mwina ali ndi matenda omwewo, sapimidwa. Madotolo akapempha kupima mtembo wa wacinyamata amene wafa mwadzidzidzi, banja lisafulumire kukana, pakuti yankho lake lingapulumutse otsala.

Kupima kwake

Kupima kumayambira pa kiliniki ya pafupi. A cipatala amafunsa mbiri ya wodwala ndi ya banja, amapima BP, amawerenga kugunda kwa mtima ndi kumvetsera pacifuwa. Akamva phokoso lacilendo kapena mbiri ikawadetsa nkhawa, amalemba kalata yopita ku cipatala cacikulu. Kumeneko kuli kupima kwa ECG, kumene amamata timawaya pacifuwa, m'manja ndi m'miyendo kuti aone magetsi a mtima. Sikuwawa, sikulowetsa magetsi m'thupi, ndipo kumatenga mphindi zocepa. Kulinso sikani ya mtima yochedwa echo, yofanana ndi ija ya amai apakati, imene imaonetsa kukhuthala kwa khoma ndi kagwiridwe nchito ka tizitseko. Ofunika akatswiri amatumizidwa ku Lusaka, ku University Teaching Hospital kapena ku National Heart Hospital.

Wina akapezeka ndi matenda a kumtundu, makolo ake, abale ake a mimba imodzi ndi ana ake ayenera kupimidwa nawonso. Mankhwala alipo ocepetsa ngozi, ndipo ambiri amakhala zaka zoculuka, kugwira nchito, kukwatira ndi kubereka.

Zilonda za pakhosi ndi kutentha thupi

M'makomboni mulinso adani ena awiri a mtima wa mwana amene si a kumtundu, ndipo angathe kupewedwa.

Woyamba amayamba ndi zilonda za pakhosi. Tizilombo tina toyambitsa zilondazi, maka-maka mwa ana a zaka 5 kufika 15 ogona mothithikana, tikapanda kuphedwa ndi mankhwala timacititsa thupi kuukira tizitseko ta mtima wake womwe. Patapita masabata awiri kapena atatu mwana amatentha thupi ndi kumva kuwawa m'mawondo, m'zigongono ndi m'akakolo, kuwawako kukusamuka kucoka pa mfundo ina kupita pa ina. Zikabwereza-bwereza, tizitseko timaonongeka. Matendawa amapha anthu oposa 300,000 caka ciliconse pa dziko lapansi, ambiri a iwo m'maiko osauka. Mwana wa zilonda za pakhosi ndi kutentha thupi apite ku kiliniki. Akapatsidwa penisilini wakumwa amwe masiku onse 10, ngakhale atamva bwino pa tsiku lacitatu. Amene mtima wake unakhudzidwa kale amalasidwa jekeseni ya penisilini mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri, ndipo sayenera kudumphitsa.

Waciwiri ndi kusewera thupi lili lotentha. Tizilombo ta cimfine ndi matenda ena nthawi zina timatupitsa mnofu wa mtima, ndipo kuthamanga pa nthawi imeneyo kungasokoneze magetsi ake. Mnyamata wa malungo, cimfine cacikulu kapena kutsegula m'mimba asamwe panado kuti akalowe m'bwalo, ngakhale akhale womwetsa zigoli wodalirika pa tsiku la fainolo. Ayambe wacira. Amene madotolo apeza kuti mtima wake watupa amauzidwa kupuma miyezi itatu kufika isanu ndi umodzi.

Wina akagwa m'bwalo

Wosewera akagwa popanda womugunda ndipo sayankha, oonerera aganize za mtima kufikira zitadziwika kuti si mtima. Nthawi zina amaphupha pang'ono ngati wa khunyu, kapena kupuma mokoka kamodzi-kamodzi ngati wolizira mkonono. Kumeneko si kupuma kweni-kweni. Ubongo umayamba kuonongeka pakapita mphindi zinai kapena zisanu popanda magazi, ndipo mphindi iliyonse imene yapita popanda thandizo imacepetsa mwai wopulumuka ndi pafupi-fupi 10 peresenti.

Zimene anthu anazolowera kucita, monga kumuthira madzi, kumupepesera ndi malaya, kumumwetsa zakumwa za shuga, kapena kumulowetsa sipuni m'kamwa, zimangotaya nthawi. Cofunika ndi ici. Munthu mmodzi athamange kukaitana ambulansi kapena kukafuna galimoto. Wina amugoneke wodwalayo cagada pa malo olimba, agwade pambali pake, aike cikhatho pakati pa cifuwa ndi dzanja lina pamwamba pake. Mikono ikhale yoongoka. Asindikize mwamphamvu kuti cifuwa cilowe masentimita 5 kapena 6, ndipo acite mofulumira, ka 100 kufika ka 120 pa mphindi, ndiko kuti kawiri pa sekondi iliyonse. Akatopa, mnzake alandire popanda kuimitsa. Asaope kuthyola nthiti, pakuti nthiti imapola. Apitirize mpaka wodwalayo atayamba kupuma bwino kapena a cipatala atafika, ndipo ngati amunyamula pa galimoto, agone cagada kumbuyo kusindikizako kukupitirira.

Pali makina ochedwa defibrillator amene amamenya mtima ndi magetsi kuti ubwerere m'kagundidwe kake. Ndiwo anathandiza kupulumutsa Eriksen. Ang'ono-ang'ono a masiku ano amalankhula okha kuuza munthu zocita, ndipo samenya mtima umene sufunika kumenyedwa. Akulu-akulu a matimu ndi a mabwalo amene amasonkhetsa ndalama pa geti angacite bwino kuika makinawa patsogolo pa zogula zao, ndi kupempha a cipatala kapena a Red Cross kuti aphunzitse osewera, oimba wezulo ndi aphunzitsi njira ya kusindikiza pacifuwa.

Ana asaletsedwe mpira

Nkhani ya Mwepu isacititse makolo kutsekera ana m'nyumba. Imfa za mwadzidzidzi m'bwalo ndi zosowa kwambiri, ndipo kwa ana oculuka mpira umalimbitsa mtima, umateteza ku kunenepa, shuga ndi BP, ndiponso umawacotsa ku mowa ndi camba. Cofunika ndi kudziwa mwana amene ali pa ngozi.

Pamenepa pali vuto limene a cipatala amalidziwa bwino. Mnyamata amene akuyembekeza kusankhidwa ku timu yaikulu amabisa cizungulire ndi kuwawa kwa pacifuwa poopa kutaya malo. Nthawi zina banja lonse laika ciyembekezo pa miyendo yake, ndipo nalonso limakhala cete. Mwepu anali ndi zambiri zotaya kuposa mnyamata aliyense wa pa bwalo la fumbi: malipiro a mu Premier League, zaka pafupi-fupi zitatu zotsala pa pangano lake, ndi ukaputeni wa dziko. Atauzidwa zimene madotolo anapeza, anapacika nsapato.

Nyengo ya mpira isanayambe, kholo lililonse likhale pansi ndi mwana wake ndi kumufunsa mafunso atatu. Kodi unakomokapo kapena kuona cizungulire uli kuthamanga? Kodi pacifuwa pamawawa, kapena mtima umadumpha-dumpha, ukakhala m'bwalo? Ndipo kwa akulu a banja: kodi alipo wa mtundu uno amene anafa mwadzidzidzi akali wamng'ono? Yankho likakhala inde pa limodzi la mafunsowa, mwanayo ayambe wapita ku kiliniki, ndipo abwerere m'bwalo a cipatala atabvomereza.